Nyale Yosafuna Mlonda

Ana anga, mchemwali wanu Esnati akuti ndikhale pansi ndilembe, chifukwa ndamutopetsa ndi kuzungulirazungulira m'nyumba. Sakunama. Chipumireni ntchito sindinaphunzirebe kukhala pansi. Ndimasesa pamene ndasesa kale, kupukuta tebulo loyera kale, kenako n'kuyamba kuyendera maswichi onse ngati kuno kukomboni ya Nabvutika ndili ndi alendo oti ndiwasamale. Za ubwana wanga ndidumpha, poti agogo anu aphunzitsi a ku mishoni anakusimbirani mpaka makutu kuwawa. Ndilemba za lamulo limodzi limene ndinaphunzitsa anthu moyo wanga wonse, ndi za mayi wina amene analisunga kuposa ine mwini, mpaka linatsala pang'ono kumulanda maso ndi ntchito yomwe.

Zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa nyumba yogona alendo, pa kaboma kena kutali ndithu ndi Chipata. Agogo anu ankafuna ndikhale mphunzitsi ngati iwo, koma masamu anandikana. Nditawauza kuti ndapeza ntchito yoyala mabedi, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Woyang'anira malowo anali a Sakala, bambo wamfupi wolankhula pang'onopang'ono, amene ankayendetsa chala pamwamba pa chitseko kufunafuna fumbi. Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Mtanda umodzi wa sopo tinkaudula ndi ulusi kuti ukwanire zipinda zonse, ndipo mlendo akachoka tinkathamangira kukatola kotsalako. Ukamva kuti kusitolo kwabwera shuga, unkasiya tsache pomwepo n'kukaima pamzere. Magetsi nawo ankabwera ndi kuchoka mmene afunira.

Tsiku lina mlendo wina, woyendera masukulu, anandipatsa buluku lake kuti ndisite. Ndili mkati mosita magetsi anathima. Munthu wina akanakhala pansi n'kudikira, koma ine miyendo inayamba kuyabwa. Ndinati m'malo motaya nthawi ndikatunge madzi. Nsimbi ndinaisiya chogona pabulukupo, pulagi ili m'khoma. Magetsi anabwera ine ndili kumjigo. Pobwerera, ndowa ili pamutu, ndinamva fungo ndisanafike n'komwe pakhonde. Nsimbi inali itadya buluku, bulangete limene ndinayala, n'kuyamba kulowa m'tebulo. Ndinalira ngati pamaliro, podziwa kuti ntchito yatha ndipo ndikawaonanso agogo anu akupukuta magalasi.

A Sakala sanakalipe. Anatenga sizasi, nadula chigamba chopsacho, chooneka bwinobwino mmene inakhalira nsimbi, n'kundipatsa m'manja.

"Mwana wanga, nsimbi ilibe maso, maso ndi ako," anatero. "Chinthu chimene wayatsa uzikhala nacho mpaka uchizimitse. Sunga ichi, ukadzakula udzaonetse anzako."

Mlendo uja anapita kukayendera sukulu atavala buluku la a Sakala, lomulekeza pamwamba pa akakolo, ndipo ana a sukulu anasangalala tsiku lonse. Chigambacho ndinachipinda n'kuchiika m'kachikwama kanga ka m'manja.

Kuyambira m'ma 1990 mpaka 2019

Nditakwatiwa ndi malemu bambo anu tinabwera m'tauni muno mu Chipata, ndipo ndinapeza malo pa loji ya a Ngoma, kufupi ndi msewu wopita kumalire. Tinkalandira amalonda, oyendetsa mathiraki ndi anthu a misonkhano. Patapita zaka a Ngoma anandiika kukhala mkulu wa onse osamalira zipinda. Aliyense wobwera kumene ndinkamuonetsa chigamba chija tsiku loyamba, asanagwire n'komwe tsache, n'kumuuza kuti choyaka osachisiya chokha. Ketulo, nsimbi, mbaula, makina ochapira, zonse lamulo linali lomwelo. Ndinkalibwereza m'mawa uliwonse, mwakuti atsikana anandipatsa dzina loti Amayi Zimitsani. Ankaganiza kuti sindikulidziwa, koma kunena zoona linkandikomera.

Tisauke Phiri, amene tonse tinkamuitana anaPhiri, anafika koyamba pageti akugulitsa mtedza wochokera kwawo ku Kasenengwa. Mwamuna wake anali atamwalira, munda utamukulira, ndiye ankakhala kwa alamu ake kuno ku Nabvutika. Ndinaona mmene anatolera makoko onse a mtedza asanachoke pagetipo, ndipo ndinapempha a Ngoma kuti amulembe ntchito. Kuwerenga sankadziwa, koma chimene wamuuza kamodzi chinkakhala chomwecho mpaka kale. Tinali anthu osiyana kwambiri. Ine ndimayenda chothamanga, iye ankayenda ngati wanyamula mazira. Ine wa ku mishoni, iye wa Katolika, ndipo ankakonda kundiseka kuti ife timapemphera mofulumira ngati basi ikutisiya. Tsiku lina ndinamupeza ataima njo pafupi ndi ketulo, manja atapinda, zipinda zitatu zisanakolopedwe.

"AnaPhiri, mukudikira kuti ketuloyo ikupatseni moni?" ndinamufunsa.

"Ikali kuyaka, Amayi," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Mawuwo anali anga omwe. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikamadzudzula atsikana ena, ndinkawauza kuti akaphunzire kwa anaPhiri. Zaka zonse zimene tinagwira limodzi ntchito sanapsereze ngakhale kampango.

2020 ndi 2021

Matenda a Kovidi atafika, loji inangoti zii. Pakhomo tinaika ndowa ya mpopi ndi sopo, tonse titaphimba pakamwa, koma osamba m'manjawo panalibe. Antchito ankapita kwawo mosinthana, ndipo anaPhiri anabwerera ku Kasenengwa kukathandiza kumunda kwa nthawi yaitali. Ine ndinatsala, n'kumachapa makatani osada, kuyala mabedi osagonedwa, mwina n'kuima pageti kuwerenga mathiraki odutsa osaima. A Ngoma, poti anali okalamba, anasiya kubwera, ndipo zonse anazisiya m'manja mwa mwana wawo Daliso, amene ndinamuona akukwawa m'makhonde omwewo. Pantchito ndinkamuitana kuti a Daliso, mwaulemu wake, ngakhale lilime linkavutika.

M'nyengo yozizira ya 2021, maliro atachuluka, Daliso anabwera kuchokera ku Lusaka ndi nyale ya mtundu wachilendo. Inali yofika m'chiuno, ya timatayala, ya machubu awiri aatali owala mobiriwira ngati kumwamba, ndipo ikayaka inkasiya kafungo konga ka waya wopsa. Wogulitsayo anatifotokozera pafoni ine ndi Daliso kuti kuwala kwake kumapha tizilombo ta matenda pamalo pamene kwagunda, koma kumawotchanso khungu ndi maso a munthu. Anati tiziyamba takolopa ndi kupukuta monga kale, chifukwa kuwala sikulowa kunsi kwa bedi, kenako tiziilowetsa m'chipinda, kutuluka, kutseka chitseko, n'kuiyatsa tili panja. Kachipangizo koyatsira patali kanafa pasanathe mwezi ndipo kena sikanapezeke, choncho ndinkalumikiza chingwe chachitali, n'kumayatsira pa soketi ya m'khonde. Nyaleyo ndinkaigwira ndekha, ndipo atsikana amene analipo ndinawachenjeza kuti asaiyandikire.

Daliso anamata zikwangwani paliponse zonena kuti zipinda zathu zimayeretsedwa ndi kuwala, ndipo pang'onopang'ono alendo anayamba kubwerera. Koma vuto linali lakuti ankafuna kuona ndi maso. Ndikukumbukira mayi wina wamalonda, wonenepa bwino, ataima polandirira alendo ndi zikwama zake.

"Nyale yanuyo ili kuti? Ine mapepala omata pakhoma sindigona nawo. Iyatseni ndiione."

Daliso anaikankha kubwera nayo ili yozima, mayiyo n'kuigwiragwira, n'kunena kuti chitsulo ngati chimenecho ngakhale kwawo chiliko. Zimenezi zinkamudya mtima mnyamatayu. Ankadandaula kuti wagula chinthu chodula chimene chimagwira ntchito pokhapokha pamene palibe wochiona, ndipo kangapo anandifunsa ngati mphindi ziwiri zokha zingapweteke munthu. Ndinkamuyankha kuti sindikudziwa, komanso sindikufuna kudziwa.

Febuluwale 2022

Mwambo wa Ncwala utayandikira, zipinda zonse zinasungitsidwa ndi anthu opita ku Mtenguleni. Tinaitana antchito onse, ndipo anaPhiri anafika Lachitatu m'mawa ndi kathumba ka mtedza kondipatsa. Tsiku limenelo mutu wanga unali pa zinthu khumi. Mapilo anali osakwanira, madzi anali atasiya kutuluka mbali ina, kukhitchini akundiitana, foni ikulira m'thumba. Ndinakumana naye m'khonde ndikukankha nyale ija, ndipo ndinangomusiyira m'manja chothamanga.

"Mukatha kukolopa muziyatsa iyi, chipinda chilichonse mphindi khumi ndi zisanu, ndiye muzizimitsa. Kuyambira nambala wani mpaka eyiti."

Anagwedeza mutu, ine ndili kale pakona. Sindinamuuze kuti azituluka. Chingwe chachitali chinali m'kabati, ndipo sindinachikumbukire. Sindinakumbukirenso kuti pamene ndinkachenjeza ena aja, iye anali ku Kasenengwa akukumba mtedza.

Lachinayi anaPhiri sanafike pa nthawi yake, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Dzuwa litakwera ndinaona amayi awiri akulowa pageti pang'onopang'ono, wina atadzifunditsa chitenje kumutu konse, wina akumugwira dzanja. Wogwirayo anali mlamu wa anaPhiri. Ndinakweza chitenjecho. Zikope zinali zotupa, maso ofiira ngati nyama, misozi ikungoyenderera, nkhope ndi mikono zitapsa ngati wagwira moto. Anati m'maso mukumveka ngati athiramo mchenga, ndipo sangathe kuwatsegula.

"AnaPhiri, nyale ija itayaka inu munali kuti?"

"Ndinali momwemo, Amayi. Ndinakhala pampando kuiyang'anira."

"Zipinda zonse zija? Bwanji simunatuluke?"

"Ndituluke bwanji ikali kuyaka? Si inu munati choyaka osachisiya chokha?"

Ana anga, ndakalipiridwapo ndi mabwana, ndatukwanidwapo ndi alendo oledzera, koma palibe mawu amene anandilasa ngati amenewo. Analankhula modekha, osandiimba mlandu, ngati akundikumbutsa kuti lero ndi Lachinayi. Tinathamanga naye kuchipatala. Adokotala anati maso apsa monga amapsera a anthu owotcherera zitsulo, anamupaka mankhwala, n'kunena kuti akakhale mumdima masiku awiri kapena atatu. Nditafunsa ngati adzaonenso, anati nthawi zambiri amachira, koma poti wakhala pa kuwalako nthawi yaitali, tiyembekeze tione. Mawu oti nthawi zambiri aja anandizungulira m'mutu njira yonse.

Nditabwerera ku loji, Daliso anandiitanira mu ofesi. Patebulo panali kalata yotayipa kale. Inkanena kuti antchito onse anaphunzitsidwa za nyale, kuti anaPhiri sanamvere, ndipo pa chifukwa chimenechi ntchito yawo yatha. Pansi pake panali malo oti ndisayine ine monga mkulu wawo.

"Amayi, nkhani yamveka kale kukhitchini," anatero. "Manje ikafika kwa makasitomala kuti laiti yathu ipweteka anthu, tatha. Tizakamba chabe kuti mayi uja sanamvere. Ndipo mailo, Lachisanu, nifuna tikaiike pakhomo pa dayiningi, iyake pang'ono, anthu aone kuti si boza."

Ndinamupempha kuti andipatse mpaka madzulo. Pano ndilembe zoona, chifukwa ndi zimene Esnati wandikhazikira pansi. Ndinafuna kusayina. Ndinali nditatsala ndi miyezi yowerengeka kuti ndipume mwaulemu, ndi phwando, ndi mawu abwino a a Ngoma. Zaka zonsezo dzina langa linalibe banga, ndipo ndinkanyadira zimenezo kuposa mmene mkhristu ayenera kunyadira. Ndinadziuza kuti anaPhiri ali ndi munda kwawo, kuti munthu wamkulu akanayenera kumva yekha kuti maso akuwawa. Masana onsewo sindinakhale pansi. Ndinapinda matawulo, kuwapindula, n'kuwapindanso. Ndinakolopa khonde lokolopa kale. Ndinalowa m'chipinda nambala folo, n'kupeza mpando uli pamene anausiya, moyang'anana ndi soketi, ndipo ndinatuluka msanga ngati andithamangitsa. Kenako ndinatsegula kachikwama kufuna cholembera, n'kukhudza chigamba cha a Sakala. Bambo amene uja akanatha kundichotsa tsiku lomwelo, ndipo aliyense akanati achita bwino.

Ndinatenga pepala, n'kulemba ndi dzanja limene agogo anu anandiphunzitsa ndi rula. Ndinalemba kuti anaPhiri kunalibe pamene ena ankachenjezedwa, kuti ine ndinawapatsa nyale osawauza zotuluka ndiponso popanda chingwe, ndi kuti anakhala m'chipinda chifukwa chomvera lamulo langa. Ndinasayina, n'kukaika pamwamba pa kalata ya Daliso. Anawerenga, nkhope ikusintha.

"So mufuna bwanji, Amayi? Ndiye kuti ndimwe muzapita."

"Ndidzapita. Koma anaPhiri atsala."

"Nanga za dayiningi?"

Apo ulemu wa pantchito unandithera. Ndinakoka mpando, n'kuuika kutsogolo kwa nyale ija, imene inali pakona mu ofesimo.

"Daliso, mwanawe, khala apa. Ine ndituluka, ndikayatsa panja. Ukhale mphindi ziwiri zako zija. Ukatuluka bwino, mawa ndikaiika ndekha pakhomo pa dayiningi."

Anayang'ana mpando, anayang'ana ine, ndipo sanakhale. Anangotenga makiyi a galimoto n'kutuluka, chitseko n'kumenyetsa.

Lachisanu alendo anadzaza, ena atanyamula kale zikopa ndi nthenga zawo za ku mwambo, ndipo monga mwa masiku onse anafunsa za nyale. Ndinawatenga kagulu, n'kuwaimika m'khonde kutsogolo kwa chipinda chopanda munthu. Ndinalowetsa nyale iwo akuona, ndinatseka chitseko, n'kuyatsa pa soketi ya panja. Pansi pa chitseko panatuluka kamzere kobiriwira, kopyapyala, kogwera pasimenti. Ndinawauza kuti aonere pamenepo basi, chifukwa chimene chikupha tizilombo mkatimo sichisankha, chikhoza kuwotchanso iwo. Bambo wina wachikulire anawerama, manja ali m'mawondo, n'kunena kuti chinthu choopsa chotero ndiye kuti chimagwiradi ntchito. Anagona onse, palibe amene anachoka. Ndinadzifunsa kuti nzeru yophweka chonchi inali kuti miyezi yonse ija.

Za ine zinatha mwachidule. Mwezi wotsatira ndinapemphedwa kuti ndipume msanga, poti akuti ndinali nditatopa. Phwando panalibe. Ndinatuluka pageti masana ndi kachikwama kanga, atsikana akundisuzumira pamawindo, ndipo zinandiwawa kwambiri, mpaka pano zimandiwawabe. Koma kalata yotayipa ija sinatulukenso, ndipo dzina la anaPhiri linakhalabe pa ndandanda ya antchito.

Ndibwerere ku Loweruka la mwambo, lotsatira Lachisanu lija. Alendo onse atanyamuka kupita ku Mtenguleni, loji inatsala yopanda anthu, ndipo ine sindinathe kupirira. Ndinayenda wapansi mpaka kwa alamu ake a anaPhiri, chothamanga, matope akundidetsa miyendo. Ndinamupeza m'kachipinda kotchinga mawindo ndi mabulangete, atakhala pamphasa, kansalu konyowa kali kumaso. Ndinagwada pafupi naye. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anabalalika, ndipo ndinangoti, "AnaPhiri, ndine. Ndinakulakwirani." Mlamu wake anakweza pang'ono bulangete la pawindo. AnaPhiri anachotsa kansalu kaja, anaphethira kangapo, misozi ikutsika, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, mwavala juzi mopindula," anatero.

Ndinayang'ana, ndipo zinalidi zoona. Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, mlamu wake akuomba m'manja pakhomo. Koma iye sanaseke. Anandigwira dzanja, n'kutsitsa mawu ngati pali mlendo amene angamve.

"Masiku onsewa mumdima muno mtima sunakhale pansi. Chipinda chomaliza chija mutu unali utayamba kale kundizungulira, ndiye sindikumbukira bwino. Kodi nyale ija ndinazimitsa?"

"Munazimitsa, anaPhiri," ndinamuyankha. "Munachotsa ndi pulagi yomwe."

Anapumira m'mwamba, n'kubwezera kansalu kaja kumaso.